Pauling ndi Mulliken: Mayankho Awiri pa Funso la Kaboni

Ndowe za ng'ombe zikamaola m'dzenje lotsekedwa zimatulutsa mpweya umene ena masiku ano amaphikira, ndipo mbali yaikulu ya mpweyawo ndi methane. Molekyulu ya methane siivuta kujambula: atomu imodzi ya kaboni pakati, maatomu anayi a hayidirojeni m'mbali. Mabondi anayi amene amamangirira maatomuwa ndi ofanana ndendende, iliyonse yotalika mapikomita pafupifupi 109, ndipo ngodya ya pakati pa mabondi awiri aliwonse ndi madigiri 109.5. Zoti kaboni amaloza mbali zinayi mofanana chonchi, Jacobus van 't Hoff ndi Joseph Le Bel anazinena kale mu 1874, anthu asanamve n'komwe za elekitironi. Anazitulukira pongoona mmene mankhwala osiyanasiyana amachitira, ndipo sanaphonye.

Chovuta chinabwera patapita zaka 50. Masamu amene Erwin Schrödinger anatulutsa mu 1926 anasonyeza kuti elekitironi siizungulira phata la atomu m'kanjira kamodzi, koma imapezeka m'dera lokhala ndi kaumbidwe kakekake, limene pambuyo pake linatchedwa orbital. Kaboni ali ndi maelekitironi anayi akunja. Awiri amakhalira limodzi mu orbital yobulungira yotchedwa 2s. Awiri enawo amakhala payokhapayokha m'ma orbital a 2p, amene alipo atatu, osongoka mbali ziwiri, opingasana pa madigiri 90, ndipo imodzi mwa atatuwo imakhala yopanda kanthu. Munthu wotenga zimenezi mmene zilili anganene kuti kaboni ayenera kupanga mabondi awiri okha, opingasana pa madigiri 90. Koma methane ali ndi anayi, ofanana, pa madigiri 109.5. Fizikisi inkanena china, kemisitiri ikuona china.

Pasanathe zaka zisanu ndi chimodzi mayankho awiri anali atatuluka, ndipo onse akadali m'mabuku mpaka lero. Loyamba limatchedwa valence bond ndipo limayendera dzina la Linus Pauling. M'menemo ndi mmene muli chiphunzitso cha hybridization, chija ophunzira amaloweza kuti sp, sp2, sp3. Lachiwiri limatchedwa molecular orbital ndipo limayendera dzina la Robert Mulliken pamodzi ndi mnzake wa ku Germany, Friedrich Hund. Pano tizingoti njira ya Pauling ndi njira ya Mulliken, ngakhale kuti aliyense anali ndi omuthandiza. Njira ziwirizi n'zapachibale. Zonse zinabadwa ku masamu a Schrödinger, ndipo zonse n'zongoyandikira ku yankho, chifukwa masamuwo palibe angawathetse ndendende maelekitironi akangoposa imodzi. Pamene zimasiyana ndi poyambira.

Kusiyanako kunachokera ku ntchito zimene amuna awiriwa ankagwira. Pauling, wobadwa mu 1901, anaphunzira ku Caltech kuyeza kaimidwe ka maatomu m'miyala ndi m'michere pogwiritsa ntchito X-ray, moti maso ake anazolowera mitunda ndi ngodya. Mulliken, wobadwa mu 1896, ankafufuza kuwala kumene mamolekyulu a maatomu awiri amameza kapena kutulutsa, moti maso ake anazolowera mizere ya sipekitiramu ndi makwerero a mphamvu. Pauling anapita ku Munich kwa Arnold Sommerfeld mu 1926, kenako ku Zurich, kumene Walter Heitler ndi Fritz London anafotokoza bondi ya hayidirojeni mu 1927. Mulliken anapita ku Göttingen, kumene anagwira ntchito ndi Hund m'chaka chomwecho cha 1927. Wina anabwerera ku America akufunsa kuti molekyulu imaima bwanji. Winayo anabwerera akufunsa kuti elekitironi imakwera ndi kutsika bwanji mkati mwa molekyulu.

Pauling amayamba ndi maatomu ali pawokha. Amawasendeza pafupi, orbital ya atomu ino n'kulowana ndi orbital ya atomu inayo, ndipo maelekitironi awiri, imodzi kuchokera uku ina kuchokera uko, amakhala pakati n'kumanga maatomuwo. Uku kunali kuveka masamu ganizo la Gilbert Lewis la mu 1916, loti bondi ndi maelekitironi awiri ogawana, ndipo n'chifukwa chake buku lalikulu la Pauling la mu 1939 linaperekedwa kwa Lewis. Mulliken amayamba ndi molekyulu yathunthu. Amaika mapata onse a maatomu pamalo pake, n'kupeza ma orbital amene amafalikira pa molekyulu yonse, kenako n'kumathiramo maelekitironi awiriawiri kuyambira pansi. Kwa Pauling maelekitironi ali ngati dimba limene mabanja awiri oyandikana amalima limodzi, loti ungaloze n'kunena kuti ili ndi la uje ndi uje. Kwa Mulliken ali ngati dambo lodyetsera ziweto, limene ndi la mudzi wonse ngakhale ena amakhala nalo pafupi kuposa anzawo.

Yankho la Pauling pa methane linatuluka mu 1931, ndipo John Slater anafika pa ganizo lomwelo payekha m'chaka chomwecho. Orbital ndi funde la masamu, ndipo mafunde amaphatikizika. Ukatenga 2s imodzi ndi 2p zitatu n'kuzisakaniza mofanana, umapeza ma orbital anayi atsopano, iliyonse yokhala ndi gawo limodzi la s ndi magawo atatu a p, ndiye dzina lija la sp3. Chodabwitsa n'chakuti ma orbital anayiwo amaloza okha mbali zinayi pa madigiri 109.5, popanda wowakakamiza. Iliyonse ndi yotupa mbali imodzi, choncho imalowana bwino ndi hayidirojeni kuposa mmene s kapena p payokha ingachitire. Kukweza elekitironi imodzi kuchoka mu 2s kupita mu 2p kumadya mphamvu pafupifupi 400 kJ pa mole, koma bondi iliyonse ya kaboni ndi hayidirojeni imabweza yoposa 400, ndipo mabondi akhala anayi m'malo mwa awiri. Ngongoleyo imabwezedwa, phindu n'kutsala.

Yankho la Mulliken silisakaniza kanthu pa kaboni. Limatenga 2s ya kaboni n'kuiphatikiza ndi ma orbital a hayidirojeni onse anayi nthawi imodzi, n'kupanga orbital imodzi yapansi yokuta molekyulu yonse. Kenako 2p iliyonse imaphatikizidwa ndi mahayidirojeni omwewo m'njira yogwirizana ndi kumene ikuloza, n'kupanga ma orbital atatu ofanana mphamvu, okwererapo pang'ono. Maelekitironi asanu ndi atatu amadzaza ma orbital anayiwa. Pachithunzi cha Pauling pali zinthu zinayi zofanana, ndipo chilichonse ungachitchule kuti bondi. Pachithunzi cha Mulliken pali chimodzi ndi zitatu, ndipo palibe chimene ungaloze kuti bondi ya hayidirojeni wakumanzere ndi iyi. Choyambacho chimafanana ndi mizere imene akatswiri a kemisitiri anali atajambula kwa zaka 60. Chachiwiricho sichifanana ndi chilichonse chimene anali atachiona.

Pano pali msampha umene ophunzira ambiri amakodwamo, ndipo mabuku ena amautchera mosadziwa. Amalemba ngati kaboni amayamba wakweza elekitironi, kenako n'kusakaniza ma orbital ake, kenako n'kudikira hayidirojeni kuti abwere. Palibe atomu imene imachita zimenezo motsatana. Hybridization ndi kalembedwe ka masamu, kosankhidwa kuti kagwirizane ndi kaimidwe kamene tayeza. Sitinena kuti methane waima chonchi chifukwa ndi sp3. Timamutcha sp3 chifukwa waima chonchi. Komanso otsatira Mulliken asanyade msanga, pakuti ma orbital awo nawonso palibe anawagwirapo ndi manja. Chimene chimayezeka ndi kuchuluka kwa maelekitironi pamalo, mphamvu, mitunda ndi ngodya.

Pamene njira ya Pauling imakoma ndi pa banja la mamolekyulu a kaboni awiri. Mu ethane kaboni aliyense ali ndi oyandikana naye anayi, ndi sp3, ndipo mtunda wa pakati pa makaboni ndi mapikomita 154. Mu ethylene, mpweya umene nthochi ndi tomato zimatulutsa zikamapsa, kaboni aliyense ali ndi oyandikana naye atatu. Amasakaniza s imodzi ndi p ziwiri, ngodya zimayandikira madigiri 120, maatomu onse asanu ndi limodzi amagona pathyathyathya, ndipo mtunda umatsika kufika 134. Mu acetylene, mpweya wa owotcherera zitsulo, oyandikana ndi awiri okha. S imodzi ndi p imodzi, mzere wowongoka wa madigiri 180, mtunda 120. Ma orbital a p amene sanalowe m'kusakanizako amalowana chammbali, pamwamba ndi pansi pa mzere wa makaboni, n'kupanga bondi yotchedwa pi, yosiyana ndi ya mutu ndi mutu yotchedwa sigma. Wophunzira wongodziwa kuwerenga oyandikana amatha kunena kaimidwe ka molekyulu imene sanaionepo, pa pepala, m'masekondi ochepa. Amathanso kufotokoza chifukwa chake ethane amapotoka momasuka, chotchinga chake chili pafupifupi 12 kJ pa mole, pamene kupotoza ethylene kumafuna zoposa 250, poti uyenera kuthyola bondi ya pi. Ndipo amamvetsa chifukwa chake bondi yapawiri, pafupifupi 614 kJ, siifika kawiri ya bondi imodzi, pafupifupi 348: kulowana kwa chammbali n'kofooka.

Koma chithunzi chokomachi si cha Pauling yekha. Zilembo za sigma ndi pi zinachokera kwa anthu a sipekitiramu, ndipo amene anagawa bondi yapawiri kukhala sigma ndi pi ndi Erich Hückel mu 1930, munthu wa mbali ya Mulliken. Pauling mwini wake ankakonda kujambula bondi yapawiri ngati mabondi awiri ofanana, okhota. Choncho zimene timaphunzitsa m'kalasi n'zobwereka uku ndi uko: mafupa a Pauling, maelekitironi a pi a Hückel. Ndipo funso likachoka pa kaimidwe n'kupita pa mtundu, mbali ya Mulliken ndi imene imalankhula. Kuwala kumamezedwa elekitironi ikalumpha kuchoka mu orbital yodzaza yapamwamba kupita mu yopanda kanthu yapansi. Mu ethylene mpatawo ndi waukulu, ndipo amameza kuwala kosaoneka ndi maso, cha pa mananomita 170. Mabondi apawiri akamandandalikana, mpata umachepa: butadiene amameza cha pa 217, ndipo beta-carotene, wokhala ndi mabondi apawiri 11 otsatana, amameza cha pa 450, kuwala kwa buluu. N'chifukwa chake karoti ndi mbatata yofiira mkati zimaoneka mmene zimaonekeramo. Zilembo za sp2 sizinganene zimenezi.

Okosijeni ndiye mlandu umene njira ya Mulliken inatchukira. Ukajambula molekyulu ya O2 mwa Lewis, umapeza bondi yapawiri ndi maelekitironi onse ali awiriawiri. Chinthu chotero sichiyenera kukokedwa ndi maginito, chifukwa elekitironi iliyonse ili ndi kamaginito kake kotchedwa spin, ndipo awiri okhalira limodzi amafafanizana. Koma Michael Faraday anali ataona kale chakumapeto kwa zaka za m'ma 1840 kuti okosijeni amakokedwa. Ukamuziziritsa kufika madigiri 183 pansi pa ziro amasanduka madzi abuluu wotuwa, ndipo ukawathira pakati pa milomo ya maginito amphamvu amakanirira pomwepo n'kulendewera mpaka atauluka. Nayitirojeni wamadzi, wa madigiri 196 pansi pa ziro, amangodutsa n'kugwa pansi. John Lennard-Jones, ali ku Bristol mu 1929, anafotokoza zimenezi pongodzaza makwerero. Ma orbital awiri akaphatikizana amabala awiri: ina yomanga, yapansi, ndi ina yomasula, yapamwamba. Maelekitironi 12 akunja a O2 ukawathira kuyambira pansi, awiri otsiriza amapeza ma orbital omasula awiri ofanana mphamvu, ndipo malinga ndi lamulo la Hund amakhala imodzi uku ina uko, spin yawo ikuloza kumodzi. Palibe chowonjezera chimene chinafunika.

Mabuku ambiri amaimira pamenepa n'kugamula kuti Pauling analephera. Kunena zoona sanakhale chete. Mu 1931 anafotokoza okosijeni ngati bondi imodzi wamba ndi mabondi awiri a maelekitironi atatuatatu, ndipo chithunzi chimenecho chimasiyadi maelekitironi awiri opanda anzawo. Kusiyana kwake n'kwakuti Pauling anafunika kudziwa yankho kaye n'kupanga chida choligwirizana, pamene kwa Lennard-Jones yankho linangogwa lokha. Ndipo makwerero aja amanena zambiri. Ukachotsa elekitironi imodzi pa N2, mtunda umakula kuchoka mapikomita 110 kufika 112, poti wachotsa yomanga. Ukachotsa imodzi pa O2, mtunda umachepa kuchoka 121 kufika 112, poti wachotsa yomasula. Kuti kuchotsa elekitironi kungalimbitse bondi ndi ganizo limene mizere ya Lewis siingabale. Makwerero omwewo amasonyeza chifukwa chake maatomu awiri a helium sapanga bondi, yomanga ndi yomasula zikafafanizana, komanso chifukwa chake N2, wa mabondi atatu ndi mphamvu pafupifupi 945 kJ, amavuta kuthyola mpaka mafakitale a feteleza amafunika kutentha ndi kupanikiza kwadzaoneni. Maelekitironi awiri osungulumwa a okosijeni nawonso ali ndi ntchito: ndi amene amachedwetsa okosijeni kugwirana ndi zinthu zimene maelekitironi ake onse ali awiriawiri, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene udzu wouma sungoyaka wokha mumpweya wokhala ndi okosijeni 21 peresenti.

Njira ya Mulliken nayo ili ndi pamene imapunthwa, ndipo ndi pa molekyulu yosavuta kuposa zonse. Tenga H2, ya mapikomita 74, n'kuyamba kukoka maatomu ake awiri. Aliyense akudziwa chimene chimatsala: maatomu awiri a hayidirojeni, iliyonse ndi elekitironi yake. Masamu a Heitler ndi London amanena zomwezo, chifukwa ndi pamene anayambira. Koma masamu osavuta a Mulliken amaika maelekitironi onse awiri mu orbital imodzi yofalikira, aliyense osalabadira kumene mnzake ali, choncho ngakhale maatomu atalikirane bwanji, amanena kuti theka la nthawi maelekitironi onse ali pa atomu imodzi, inayo ili yopanda. Zimenezo n'zabodza. Komano Heitler ndi London nawo analakwitsa mbali inayo: sanalole n'kamodzi komwe kuti maelekitironi awiriwo akumane pa atomu imodzi, ndipo anapeza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yeniyeni ya bondi. Wina anapyola, wina anapereweza. Ukawonjezera pa Heitler ndi London kagawo ka maelekitironi okhala mbali imodzi, n'kuwonjezera pa Mulliken kagawo ka orbital yomasula, masamu awiriwo amakhala amodzimodzi, chilembo ndi chilembo.

Madzi amayesa njira zonse ziwiri mofanana. Ngodya yake ndi madigiri 104.5. Ma orbital a p okhaokha akanapereka 90, sp3 ikanapereka 109.5, ndipo timathawira ponena kuti ndi sp3 yofinyidwa ndi maelekitironi osamanga. Ammonia, wa madigiri pafupifupi 107, amavomera kufotokoza kumeneku. Koma H2S, mbale wake wa madzi, ali pa madigiri 92, ndipo pamenepo dzina la sp3 silithandizanso. Otsatira Pauling amayankha kuti kusakaniza sikuyenera kukhala kwa manambala athunthu, ndipo lamulo la Henry Bent la mu 1961 limanena kumene gawo la s limakonda kupita. Otsatira Mulliken amatulutsa zithunzi za A. D. Walsh za mu 1953, zosonyeza mmene orbital iliyonse imakwerera kapena kutsika molekyulu ikamapindika. Yankho loyambalo ndi lachangu koma limakonda kufotokoza zinthu zitayezedwa kale. Lachiwirilo limalosera koma limafuna kuleza mtima.

Pa benzene njira ziwirizi zinakumana maso ndi maso. Kathleen Lonsdale anasonyeza mu 1929 kuti mkombero wake wa makaboni asanu ndi limodzi ndi wathyathyathya, ndipo mabondi ake onse ndi ofanana, pafupifupi mapikomita 140, pakati pa 154 ndi 134. Pauling ndi George Wheland, mu 1933, anati molekyuluyo ndi chisakanizo cha zithunzi ziwiri zosiyana malo a mabondi apawiri, chiphunzitso chotchedwa resonance. Hückel, mu 1931, anati maelekitironi asanu ndi limodzi a pi ali m'ma orbital ozungulira mkombero wonse. Onse anafotokoza benzene. Koma pa mkombero wa makaboni anayi, cyclobutadiene, resonance yosavuta inalonjeza kukhazikika pamene masamu a Hückel anakana, ndipo molekyuluyo ndi yosakhazikika kwambiri moti payokha imangosungika pozizira koopsa. Nkhani ya resonance inalowanso ndale: mu 1951 msonkhano wa akatswiri ku Moscow unaidzudzula kuti ndi maganizo osagwirizana ndi chiphunzitso cha boma, pa nthawi imene ku America Pauling yemweyo ankamukayikira kuti ndi wachikomyunizimu.

Kwa zaka pafupifupi 20 Pauling ndiye ankamveka. Anali wodziwa kulankhula, ndipo ankalankhula chinenero chimene anthu a kemisitiri ankachidziwa kale. Mulliken ankadziwika ndi maphunziro ovuta kutsatira ndi zolemba zodzaza zilembo za sipekitiramu. Pauling analandira mphoto ya Nobel mu 1954; Mulliken anadikira mpaka 1966; Hund, amene anakhala ndi moyo zaka 101 mpaka 1997, sanailandire. Chimene chinatembenuza zinthu si mtsutso koma kompyuta. Ma orbital a Mulliken angasankhidwe kuti asalowane m'masamu, zimene zimapeputsa kuwerengera, ndipo Clemens Roothaan ku Chicago anawaika mu 1951 m'kalembedwe koyenera makina. Ma orbital a Pauling moyo wake wonse uli pa kulowana, ndipo kulowanako kumachulukitsa ntchito maelekitironi akamachuluka. Buku la Charles Coulson la mu 1952 linaphunzitsa njira ya Mulliken momveka. Kenichi Fukui mu 1952, ndi Robert Woodward ndi Roald Hoffmann mu 1965, anasonyeza kuti kaumbidwe ka ma orbital a molekyulu yonse kamalosera zimene zichitike m'botolo. Ine ndimaona kuti mbali ina ya chigonjetso chimenechi inali ya makina, osati ya choonadi. Koma mbali inayo inali yeniyeni, ndipo sitingaibise.

Umboni umene umatchulidwa kwambiri potsutsa sp3 unabwera m'zaka za m'ma 1960, David Turner ku London atakonza njira yowalitsa mamolekyulu ndi kuwala kwamphamvu n'kuyeza mphamvu yofunika kuzula elekitironi. Mabondi anayi a methane akanakhala mabokosi anayi ofanana, tikanayembekezera mphamvu imodzi. Zimatuluka ziwiri: ina cha pa 13 eV, ina cha pa 23 eV. Zitatu ndi chimodzi, monga pachithunzi cha Mulliken. Ena anaona kuti apa nkhani yatha, ndipo mu 2011 Alexander Grushow anafunsa m'magazini ya aphunzitsi a kemisitiri ngati nthawi siinakwane yoti ma orbital osakaniza apume pa ntchito. Anzake anamuyankha mwamphamvu. Mfundo yawo inali yakuti kuyesako sikuyeza methane yekha, kumayeza kusiyana kwa methane ndi chotsala elekitironi itachoka. M'chotsalacho, dzenje la elekitironi silingakhale pa bondi imodzi, poti mabondi onse ndi ofanana. Zithunzi zinayi, chilichonse ndi dzenje pa bondi yake, ziyenera kuphatikizidwa, ndipo zikaphatikizidwa zimagawika kukhala chimodzi ndi zitatu. Yankho ndi lomwelo, koma onani kuti Pauling wafikapo pofalitsa zinthu pa molekyulu yonse.

Ulendo wobwerera nawonso ulipo. Lennard-Jones anasonyeza mu 1949, ndipo S. F. Boys anakonza njira yake mu 1960, kuti ma orbital anayi odzaza a Mulliken mu methane ungawasakanize wokha ndi wokha n'kupeza ma orbital anayi ofanana, iliyonse yokhala pakati pa kaboni ndi hayidirojeni mmodzi, ndipo mbali ya kaboni ikuoneka ngati sp3. Pochita zimenezi mphamvu yonse ya molekyulu siisintha, kuchuluka kwa maelekitironi pamalo aliwonse sikusintha. Chimene chimatayika ndi mphamvu ya orbital iliyonse payokha. Chimene chimapezeka ndi malo ake. Ukafuna kudziwa mphamvu yozulira elekitironi, umasunga ma orbital ofalikira. Ukafuna kudziwa chifukwa chake bondi ya kaboni ndi hayidirojeni imakhala pafupifupi chimodzimodzi mu methane, mu ethane ndi m'mafuta a galimoto, umawasonkhanitsa pamalo. Mapulogalamu ambiri a masiku ano amawerengera mwa Mulliken, kenako katswiri amawauza kuti amasulire zotsatirazo m'mabondi ndi m'zilembo za Pauling kuti azimvetse.

Pali malo amodzi pamene ndikuganiza kuti mabuku ayenera kungosiya. Pa mamolekyulu ngati SF6, pamene salufa wazunguliridwa ndi maatomu asanu ndi limodzi, ophunzira amauzidwa kuti ndi sp3d2. Kuwerengera kwa kuyambira m'zaka za m'ma 1980 kunasonyeza kuti ma orbital a d a salufa ali pamwamba kwambiri ndipo amathandiza pang'ono chabe. Chimene chimagwira ntchito ndi ganizo la Robert Rundle ndi George Pimentel la mu 1951, la maelekitironi anayi omanga maatomu atatu. Dzina la sp3d2 limangobwereza kaimidwe, silifotokoza kanthu. Kugwa kwa sp3d2 sikugwetsa sp3, pakuti pa kaboni 2s ndi 2p ndi zofanana kukula ndipo zimasakanizikadi bwino.

Njira ya Pauling sinafe. William Goddard ku Caltech m'zaka za m'ma 1970, ndipo pambuyo pake Sason Shaik ku Jerusalem ndi Philippe Hiberty ku France, anaikonzanso kuti iziyenda pa kompyuta, ndipo mtsutso ukupitirira pa molekyulu ya maatomu awiri okha. C2 ndi amene amapereka kuwala kobiriwira pamutu pa nyenyezi zina za mchira, ndipo amapezekanso m'malawi a gasi. Mtunda wake ndi mapikomita 124, pakati pa 134 wa ethylene ndi 120 wa acetylene. Makwerero osavuta a Mulliken amati ali ndi mabondi awiri, onse a pi, popanda sigma pansi pake. Shaik, Hiberty ndi anzawo analemba mu 2012 kuti ali ndi anayi: atatu ngati a acetylene, ndi yachinayi yofooka yochokera ku ma orbital a sp amene amaloza kunja. Gernot Frenking ndi ena anakana, ponena kuti bondi yotero ikanayenera kukhala yaifupi ndi yolimba kuposa ya acetylene, ndipo siili choncho. Pa mtunda ndi pa mphamvu yoyezedwa magulu onse awiri amagwirizana. Akusiyana pa chimene chiyenera kuwerengedwa ngati bondi.